Nsenjere M'dimba la a Kabichi

Anthu ankangowatchula kuti a Kabichi, chifukwa kabichi wa m'dimba mwawo ankakula moti mmodzi yekha ankadzaza beseni. Dimbalo linali kumunsi kwa madamu oyeretsera madzi a zonyansa za m'tauni, ndipo paipi ya madzi otsalawo inkathira m'ngalande yawo. Thumba la feteleza anali asanaligwirepo.

Zinthu zinatembenuka chaka chimene kamtsinje ka kumapeto kwa dimbalo kanasanduka kobiriwira. Ndere zinaphimba madzi, tinsomba tinayandama mimba zili m'mwamba, fungo n'kumamveka mpaka kumsewu. Kunabwera anthu a zachilengedwe, anatapa dothi m'timatumba n'kumapita. Pobweranso anali ndi mlangizi wa zaulimi, mayi wamfupi wolankhula mosathamanga.

"Dothi lanu lakhuta mopitirira, bambo," anatero mlangiziyo. "M'madzi mumathirirawa muli mchere wotchedwa fosifolasi, womwe uja wa m'feteleza. Mbewu zimangotapako, wotsala ukuunjikana. Mvula ikagwa ukukokolokera kumtsinje, ndiwo ukudyetsa nderezo. Akuluakulu akufuna dimbali litsekedwe."

"Nanga ana anga adya chiyani?"

"Ndawapempha kuti tiyese kaye njira ina. Madzi a paipi muchepetse, mubzale nsenjere. Udzu umenewu ndi wadyera, umayamwa mcherewo. Koma mukamweta muzichotsa wonse, usaolere pano."

Akazi awo, amene ankamvetsera ataimirira pamzere, anagwira m'chiuno. "Munthu ndi maso ake alime udzu? Womwewu watithyola misana ndi khasu?"

Komabe anabzala, poti panalibe pothawira. Odutsa panjira ankafunsa ngati a Kabichi ayamba kubzikula. Nsenjere inakula kupitirira munthu, masamba ake ankacheka m'mikono, ndipo ikamwetedwa inkaphukanso ngati yatumidwa. Mwayi wake, mchimwene wa akazi awo anali ndi ng'ombe za mkaka. Ankabwera ndi ngolo kudzatenga mitolo, n'kusiya chigubu cha mkaka pakhomo.

Mvula inagwa, inapita, inagwanso. A Kabichi anaonda mpaka lamba anamuboola kachiwiri. Galimoto ikaima kumsewu ankasiya chikwakwa n'kutchera khutu, poganiza kuti otseka aja afika.

Tsiku lina m'mawa akazi awo anaona ngolo italowa mpaka pakati pa dimba, mchimwene wawo akuchotsa thabwa lakumbuyo. Anathamanga.

"Achimwene, taimani kaye. Mwanyamula chiyani?"

"Ndowe, achemwali. Ng'ombe zanga zasalala ndi udzu wanu, ndiye ndinati ndithokoze ndi manyowa."

A Kabichi anatulukira mu nsenjere ali wefuwefu. "Alamu, nthawi yonseyi takhala tikutulutsa mcherewu kudzera m'mimba mwa ng'ombe zanu, inu mwaubweza pa ngolo?"

Mlamuyo anayang'ana ndowe, anayang'ana dimba, n'kukanda m'mutu. Kenako anaseka mpaka kutsamira tayala. Anabwezera thabwa lija, n'kupita nazo kumunda wake wakumtunda, kutali ndi mtsinje.

Chilimwe chimenecho mlangizi anatapanso dothi. Tsiku lodzanena zotsatira anawapeza akumanga mitolo. Anakhala pa mtolo umodzi, anavula nsapato n'kukutumula mchenga, kenako anapempha madzi akumwa. A Kabichi ankangomuyang'ana pakamwa.

"Mchere uja watsika," anatero mlangiziyo atamwa. "Sunathe, musandimve molakwa, koma watsika ndithu, ndipo kumtsinje ndere zachepa. Akuluakulu avomera kuti dimba lisatsekedwe. Mbali yakumtundayi mutha kuyambanso ndiwo zamasamba. Yakumtsinjeyo ikhalebe ya nsenjere, muzimwetabe monga mukuchitiramu."

A Kabichi anavula chipewa, anachiyang'ana mkati, n'kukhala pansi padothi pomwepo.

"Mwamva, bambo a ana?" anafunsa akazi awo.

"Makutu amva."

Mlangizi atatsanzika, a Kabichi anati angogonako pang'ono pamthunzi wa mitolo kuti mtima ukhale pansi. Posakhalitsa mkonono unayamba, dzuwa lili paliwombo. Akazi awo anawaphimba kumaso ndi chipewa chija kuti ntchentche zisawavute, n'kumaliza okha kumanga mitolo yotsala.