Tsiku Limene Dorika Anakwera ku Macheka

Dorika anayamba kukayika chifukwa cha malaya. Amuna ake a Kalisto, amene kwa zaka makumi atatu ankayenda ndi juzi yong'ambika m'zigongono, tsopano ankatulutsa malaya oyera a kutchalitchi pakati pa sabata. Ankasita okha. Akatero ankapesa imvi zawo, n'kukwera njinga, ulendo wa ku Macheka.

Ku Macheka kunali kamudzi ka mabanja khumi ndi awiri a Chiyao, kumtunda kwa mtsinje wa Nankhande, m'mphepete mwa nkhalango ya paini. Makolo awo anabwera kalekale kudzacheka matabwa, n'chifukwa chake dzinalo. Anamanga kamzikiti kawo, anaika akufa awo komweko, ndipo anthu a kwa Kamphinga, mudzi waukulu wa Achewa wa kumunsi, anakhala nawo zaka zonsezi popanda chovuta.

Kenako mvula inavuta zaka ziwiri zotsatizana. Pofika Ogasiti, Nankhande anangotsala ngati kachingwe. Kachewere ndi kabichi m'madimba a kwa Kamphinga zinayamba kufota, ndipo mphekesera inamveka yakuti Ayao atseka madzi kumtunda. Amuna anakumana pangalande, zikwanje zinatuluka, ndipo Rafaelo wa kwa Kamphinga anatemedwa pamkono. Patapita masiku awiri nkhokwe zitatu za ku Macheka zinapsa, mbuzi zisanu zinapezeka zitadulidwa miyendo. Ana a ku Macheka anasiya kutsika kusukulu. Amayi awo anasiya kubwera kuchigayo.

A Kalisto anali apampando a chilungamo ndi mtendere patchalitchi chawo, choncho ansembe a ku Kasina anawatuma kuti aziyenda pakati pa midzi iwiriyo. Chimene ansembe sankadziwa, koma mudzi wonse unkadziwa, chinali Mwanaisha, mayi wa ku Macheka. Ali mnyamata, a Kalisto ankacheka matabwa ndi bambo ake a Mwanaisha, ndipo anafunsira Mwanaishayo. Makolo mbali zonse anakana chifukwa cha chipembedzo. Chaka chotsatira anatsika kudzakwatira Dorika. Palibe amene anamuuzapo Dorika pamaso, koma mumtima ankadziona ngati minibasi yachiwiri, imene munthu amakwera yoyamba ikamusiya pa Linthipe.

Tsono Mwanaisha anali wamasiye. Ndipo Che Amidu, mkulu wa ku Macheka, anali mlongo wake, wakhungu, wosungidwa m'nyumba mwake. Zokambirana zonse zinkachitikira pakhonde la Mwanaisha.

"Mtendere wake ndi wotani wofuna malaya osita?" anafunsa Dorika tsiku lina.

"Amayi a Pilira, anthu akufuna kuphana."

"Nanga mukununkhira tangawizi bwanji?"

"Ukafika pakhomo pa eni ake, tiyi ungakane?"

"Wanga uja mumakana, mumati akuwotcha pamtima."

A Kalisto anangopukusa mutu. Kumjigo nako kunalibe mpumulo. Filomena, mnzake wa pakamwa posatseka, ankayamba iye asanatule n'komwe ndowa. "Mwadzuka bwanji amayi a mtendere? Alamu athu aja akuyanjanitsa bwino? Tamva kuti nkhani zake zimatenga tsiku lonse." Amayi ankaseka mpaka kugwirana. Dorika ankaseka nawo, koma akafika kunyumba chakudya chinkamukanika.

Lachinayi lina m'mawa, nkhungu isanachoke paphiri, a Kalisto ananyamuka mothamanga osadya kanthu. Dorika atalowa kuchipinda anapeza thumba la nyemba lapungulidwa theka. Nyemba zolima yekha, zopuntha yekha! Anakumbukira kuti sabata yapitayo amuna ake ananenapo za anthu amene nkhokwe zawo zinapsa, koma m'maso mwake munangobwera mkazi mmodzi akuphika nyemba zake, akuseka.

Anavula chitenje, nachimanganso m'chiuno, mfundo ziwiri. Sanatenge ndodo. Manja okha anati akwana.

Filomena anamuona akudutsa pamjigo osapereka moni, ndipo atangoona kamangidwe ka chitenjecho anadziwa. "Amayi, lero kuli ntchito ku Macheka!" Ndowa zinasiyidwa pamzere. Amayi oposa makumi awiri, ena ndi ana kumbuyo, ena nkhalamba za ndodo, anamutsata chapatali akunong'onezana. Dorika anawamva koma sanacheuke. Anati aone, akanene.

Iye sankadziwa chimene chinathamangitsa a Kalisto. Bala la Rafaelo linali litatupa, anamutengera kuchipatala ku Dedza, ndipo m'mawa umenewo mawu anafika akuti wamwalira. Amuna a kwa Kamphinga anali atasonkhana kuseri kwa manda, ndipo wowaitana anali Ganizani, mlongo wake wa Dorika.

Dorika atafika ku Macheka anadabwa. Panalibe nkhuku yoyenda pabwalo, panalibe utsi. Pamakomo panali mitolo yomangidwa m'zitenje. Kuseri kwa mzikiti kunaima amuna ngati khumi ndi asanu, zikwanje ndi mauta m'manja. A Kalisto anali atagwada pamaso pa Che Amidu, akuwachonderera kuti anthu athawire m'nkhalango.

"Ndithawe ndi maso ati?" ankatero Che Amidu. "Bambo anga ali apo, pansi pa mtengo uwo. Andiphere pano."

Pambali pawo panaima Mwanaisha. Dorika anali asanamuonere pafupi kwa zaka zambiri. Anali atawonda, imvi zikutuluka kunsi kwa mpango. Komabe ankaima chilili ngati mtsikana, ndipo kampata kaja ka pakati pa mano kanali pomwepo.

Dorika asanatsegule pakamwa, kumunsi kunalira mluzu. Kenako nyimbo, yolemera, ya anthu ambiri. Anatulukira panjira ya kudimba, amuna ngati makumi anayi, nkhope zopaka phulusa, zikwanje zikunyezimira. Ana a ku Macheka analira. Mwanaisha anakankhira adzukulu ake m'nyumba, ndipo a Kalisto anadzuka, napita kukaima pakhomo pomwepo, manja atatambasula.

Dorika anawayang'ana. Malaya oyera aja, manja atatambasulidwa, pakhomo pa Mwanaisha. Zaka makumi atatu, sanawaonepo ataima chotero chifukwa cha iye. Ndipo anaona zonse zimene zikanatsatira: akawatema, pamaliro anthu adzanong'onezana kuti anafera pakhomo pa chibwenzi chawo chakale, ndipo iye, wowaphikira, wowaberekera ana asanu, adzakhala m'siwa ngati mlendo.

Anapita nawakankha ndi phewa. "Chokani apa. Simufera pakhomo pa mkazi wina ine ndili moyo."

Anakhala pansi pakhomopo, natambalala. Kenako anatembenukira amayi aja, amene anali ataunjikana pafupi ndi khola. "Si munabwera kudzaonera? Khalani pansi muonere bwino. Khonde lililonse likhale ndi munthu."

Filomena ndiye anayamba. Ena anatsatira, awiri pano, atatu apo. Pamene gulu linkalowa pabwalo, nyimbo inayamba kuzilala, chifukwa aliyense ankaona mkazi wake, mayi ake kapena mlongo wake atakhala pakhomo la nyumba imene anabwera kudzaiwotcha.

Ganizani anaima patsogolo pa Dorika, thukuta likudula mizere m'phulusa. "Achemwali, mukutani kuno? Chokani."

"Ndatopa, ndakwera phiri. Ndikupuma."

"Musandichititse manyazi. Anthu awa ndi obwera. Atiphera madimba, lero atiphera munthu. Abwerere kwawo."

"Kwawo kuti? Iwe unabadwa unawapeza. Bokosi la amayi athu anakhoma ndani, si Che Amidu awa maso asanafe? Ukufuna kuthamangitsa obwera, yamba ndi alamu akowa, Angoni a ku Bembeke. Ukatero upite kwanu ukalongedze akazi ako, amene anabwera pamsana pa mayi awo kuthawa nkhondo ya ku Mozambiki. Ukamaliza ubwere, undipeza pompano."

"Rafaelo wafa!" wina anakuwa kumbuyo.

"Wamuona ndani?" anafunsa a Kalisto. Palibe anawamvera. Mkamwini ndi mlendo, ngakhale akalambire pamudzi.

"Akufunsa amuna anga," anatero Dorika mokweza. "Wamuona ndani?"

Kunalibe. Aliyense anamva kwa mnzake. Filomena anasolola foni pachifuwa, nakwera pachulu pamene pankagwira netiweki, naimbira mkazi wa Rafaelo. Anakweza mawu a foniyo kuti onse amve. Inaitana kanayi. Kenako anayankha mwini wake Rafaelo, mawu ofooka koma omveka, akudandaula kuti phala la kuchipatala lachepa shuga.

Wina anaseka, nadzigwira pakamwa. Koma zikwanje zinali zikadali m'manja, ndipo amuna a kuseri kwa mzikiti anali atayandikira, mivi ili pa uta. Mandla wa kwa Kamphinga, mwamuna wa ndevu zake, anali ndi botolo la petulo. Mayi ake okalamba anadzuka pakhonde lina, nayenda ndi ndodo yawo mpaka pamaso pake. "Iwe, botololi n'la chiyani? Bweretsa kuno." Anapereka.

Apo m'pamene Mwanaisha anatuluka, nadzaima pambali pa Dorika. "Mukuti tatseka madzi," anatero. "Tiyeni mukatsegule. Tikuperekezani."

"Opanda chitsulo m'manja," anawonjezera Dorika, posafuna kuti mawu omaliza akhale a Mwanaisha. "Zonse pansi pa mpichesi uwo."

Che Amidu anaitana anthu awo mmodzimmodzi, mayina awo, ndipo iwo ndiwo anayamba kutula. Anali ochepa, ndipo onse anaona kulimba mtima kwawo. Kenako Ganizani anaponya chikwanje chake pamuluwo. Zina zinatsatira. Nkhalamba ziwiri, ina ya kolona m'khosi, ina ya mpango wakuda, zinakhala pansi kulondera.

Anakwera motsata mtsinje, Achewa ndi Ayao, osalankhulana. Anadutsa madimba a ku Macheka, ndipo anyezi wake anali wouma kuposa wa kumunsi. Sanapeze chotchinga chilichonse. Atafika kugwero anapeza phiri lametedwa mpala, zitsa zokhazokha, maenje a makala ali mbwee, kasupe atakwiririka ndi mchenga. Palibe anafunsa kuti maenjewo ndi a yani. Mandla ankadziwa lake. Mwana wa Che Amidu ankadziwanso lake, moyandikana ndi la Mandla.

Potsika, pamiyala yoterera, Dorika anaona a Kalisto akupereka dzanja kwa Mwanaisha kuti awoloke. Kanali kanthawi kochepa. Dorika anawoloka yekha, nanyowetsa chitenje.

Apolisi anafika masana, nalemba mayina. Amene anatema Rafaelo ndi awiri amene anawotcha nkhokwe anakayankha kubwalo la milandu. Zotsalazo zinatenga masabata atatu, pansi pa mitengo ya pasukulu, pali nduna za gogo chalo, ansembe ndi shehe. Sizinali zophweka. Kawiri konse anthu ananyamuka mokwiya, kawiri konse anabwerera. Pomaliza anagwirizana kuti madzi azigawana masiku, Lachisanu onse apite kumunsi, Lamulungu onse atsale kumtunda. A kwa Kamphinga anamanganso nkhokwe zija, banja lililonse n'kuthiramo ndowa ya chimanga. Zinalembedwa, aliyense n'kudinda chala, kuti malo a ku Macheka ndi a eni ake ndi ana awo. Sabata yoyamba amayi ankasinthana kuperekeza ana a ku Macheka kusukulu, mpaka anawo anayamba kuwathawa kuti azithamanga ndi anzawo.

Ansembe anatchula dzina la Dorika pa Misa. Iye anaweramitsa mutu, ndipo anthu anati taonani kudzichepetsa. Filomena yekha ndiye ankatsokomola mwadala kumbuyo.

Tsiku lodinda zala, Mwanaisha anamupeza payekha kuseri kwa kalasi. "Mayi, zikomo. Adzukulu anga ali moyo."

"Sindinabwerere inu."

"Ndikudziwa. Ndinaona mfundo za chitenje." Anamwetulira, kampata kaja kakuoneka. "Akanakhala amuna anga, inenso ndikanakwera phiri."

Dorika anawatembenuza mawuwo masiku ambiri, osapeza ngati anali ulemu kapena chipongwe. Posankha komiti yoyang'anira madzi, anadzipereka yekha, chifukwa a Kalisto anali momwemo ndipo misonkhano ina inkachitikira ku Macheka.

Mvula itagwa mu Disembala, midzi iwiriyo inakwera kugwero kukadzala mitengo. Wogawa mizere, mosadziwa kapena mwadala, anaika Dorika pambali pa Mwanaisha. Mwanaisha akakumba dzenje limodzi, Dorika ankakumba awiri. Mwanaisha anazindikira, nayamba kufulumira. Sanayang'anane, sanapume, sanamwe thobwa. Dzuwa likufika pamutu, amayi awiri a imvi anali atasiya anyamata kutali, anthu atasiya makasu akuwaonerera.

M'mawa mwake Dorika analephera kudzuka. Msana unali utauma ngati thabwa. A Kalisto anatenthetsa madzi, nakhala pamphasa akumuthowa ndi kansalu.

"Ine ndinakumba makumi asanu ndi atatu," anatero Dorika, nkhope ili pamtsamiro. "Iye uja angati?"

"Sindinawerenge."

"Mukunama."

"Ndinkawerenga anu."

"Mawa mukafunse ngati wadzuka," anatero Dorika. "Ayi, musapite inu. Ndituma Filomena."