Kapulasitiki pa Chipsepse

Make mapasa ankatumbula nsomba kuseri kwa nyumba pamene mpeni unagunda kanthu kolimba. Pa chipsepse cha nsomba yaikuluyo panali kapulasitiki kachikasu kolembedwa manambala. M'mimba mwake munali mazira okhaokha.

Mayiyo anachita mantha. Amuna awo anaigwira m'mabango, malo oletsedwa kuwedza nyengo ya mvula. Bwato lawo linalibe injini. Kupita pakati pa nyanja sakanatha, kusiya usodzi sakanathanso.

Mlamu wawo, amene anabwera kudzabwereka nkhwangwa, anasuzumira m'beseni.

"Aaa, mlamu, mwaziputa! Kameneka ndi kazitape wa boma. Panopa akudziwa kale khomo lanu. Kabiseni, ndipo musaonekere kunja."

Make mapasa anaponya kapulasitikiko m'chitini cha mchere. Kumsika anasiya kupita. Njinga yamoto ikangolira pamsewu, ankakhoma chitseko n'kuwatseka ana pakamwa. Nsomba zogulitsa zinawolera m'beseni, ntchentche zikuchita phwando. Nyumba yawo yomwe inasanduka ndende.

Atatopa nawo mantha, anapita okha kwa mlangizi wa zausodzi.

"Mangani ine, bambo a ana muwasiye," anatero akutula kapulasitikiko patebulo.

Mlangiziyo, mayi wamagalasi, anawerenga manambala aja n'kuusa moyo.

"Kameneka sikaona khomo la munthu, mayi. Timaika pa nsomba kuti tidziwe kumene zimapita ndi nthawi imene zimabwerera. Iyi tinaisiya kutali, m'madzi akuya. Mvula ikayamba, zimabwera m'mabango kudzaikira mazira. Mukazigwira pamenepo, mwapha ndi za chaka chamawa zomwe."

"Ndamva. Nanga ana anga adye chiyani?"

Mlangizi anaika kapulasitikiko pambali.

"Sindikunamizani, miyezi imeneyi ndi yowawa. Ukonde wa amuna anu ndiusunga kuno mpaka nyengo ya usodzi itsegulidwe, lamulo limatero. Koma tikusowa wopalasa bwato wotithandiza kuika zizindikiro pa nsomba. Si ntchito yaikulu. Auzeni abwere."

Kunyumba anapeza amuna awo atakhala pakhonde, ukonde uli pamiyendo.

"Atimanga liti?" anafunsa bamboyo.

"Satimanga. Pindani ukondewo, tipite limodzi."

Bamboyo anayang'ana ukonde nthawi yaitali, kenako anayang'ana mapasa amene ankasewera pafumbi. Anayamba kupinda ukondewo.

Phunziro: Mukagwira nsomba yokhala ndi chizindikiro, musabise ndipo musamvere zoopseza za anthu. Kaperekeni kwa alangizi ndi kunena malo enieni amene mwaigwira. Nsomba zikamaswana, zisiyeni ziswane.