Makadi a Aphunzitsi

Chiwagwereni sitiroko, Aphunzitsi ankalankhula ndi makadi. Namwino ndiye anawapatsa: kudya, kumwa, kusamba, kugona, khadi lililonse ndi kachithunzi kake. Akazi awo ankayala makadiwo pambali pa bedi, bambowo n'kumaloza ndi dzanja lamanzere, lomwe linatsala lamoyo.

Zinkawapweteka mayiwo, tisanamizane. Munthu wothera moyo wake pabolodi, choko mpaka m'tsitsi, kuphunzitsa ana a eni kuti mneni akatsogoza "ku" amasanduka dzina! Ankabwera nazo mpaka pathebulo, anthu akudya. "Kutafuna ndi dzinatu, mayi, ngati mpando." Mayiwo ankangoti, "Idyani dzina lanulo lisanazizire." Lero mayina aja ndiwo anawatsalira, koma papepala.

Loweruka mwana wawo wamkulu anafika ndi galimoto, bulangete atayala kale kumbuyo. Ankafuna kutenga bambo ake akakhale nawo kufupi ndi chipatala chachikulu. Mayiwo sakanatsatira, poti pakhomo panali adzukulu awiri amasiye, apasukulu.

"Amayi, msana wanu watha. Mukuyenda chogwira khoma. Tsiku lina mudzagwa nawo kubafa."

"Msanawo ndi wanga. Bambo ako sachoka m'nyumba muno."

"Ndiye tiwafunse eni ake."

Mayiwo analowa kuchipinda mtima uli m'malo. Amuna awowo ankawadziwa ngati chikhatho chawo, munthu wosagona tulo pabedi lachilendo.

"Bambo, mwana wanuyu akuti akutengeni. Muuzeni nokha."

Aphunzitsi anayang'ana makadi aja, kenaka anawakankhira pansi onse. Milomo inayamba kunjenjemera, thukuta lili kamukamu pamphumi.

"Ku..."

Mawu oyamba chidwalireni! Mayiwo anagwira pakamwa. Ankadikira kumva "kutsala", kapena "kukhala", ndipo anali atayamba kale kumwetulira.

"Ku... pu... ma."

Dzanja lamanzere linakwera pang'onopang'ono. Silinaloze bedi. Linaloza mayiwo, kenaka linatembenukira kuzenera, komwe kunaima galimoto.

"Ine sindinatope ayi," anatero mayiwo, misozi ili chuchuchu. "Wakuuzani ndani kuti ndatopa?"

Aphunzitsi anangowayang'ana. Kalanga ine, pakamwa ndi pomwe panafa, makutu anali bwinobwino. M'mawa uliwonse ankawamva mayiwo akubuula powadzutsa.

Mayiwo analongedza okha zovala. Anatola makadi pansi, anawapukuta ndi nsalu, n'kumupatsa mwana uja. "Akaloza kumwa, madzi akhale ofunda. Ozizira amawatsamwa."

M'mawa mwake anadzuka monga mwa masiku onse, anateleka madzi osamba a Aphunzitsi, natulutsa thaulo ndi sopo. Madzi atawira ndi pomwe anakumbukira. Anaphula ketulo, anakhala pabedi lopanda munthu lija manja ali pamiyendo, osadziwa kuti kupumako amakuyambira pati.