Makope a Achemwali

Achemwali anali chagada pansi pa galimoto, akumanga chitsulo choteteza injini ku miyala, pamene anaona nsapato za mlongo wawo zitaima pafupi ndi tayala. Zinali nsapato zatsopano, zoyera mbee, zosayenera kuponda m'galaja modzaza oyilo.

"Wafika, Kamvuluvulu? Tandipatsa sipanala ya sevenitini."

Sipanala inabwera, koma mwini dzanja sanagwade kuti asuzumire monga ankachitira masiku onse.

"Achemwali, tatulukani kaye. Pali nkhani."

"Nkhaniyo ilibe mawondo? Igwade pansi pano."

"Anditenga."

"Akutenga ndani, apolisi?"

"A timu yaikulu ija, aja anabwera kudzationera mwezi watha. Ndasaina dzulo."

Achemwali anatuluka mofulumira mpaka kugunditsa mutu kubampala. Anamukumbatira mlongo wawoyo ndi manja a girisi omwewo, malaya ake n'kusanduka mawangamawanga. Anaseka, nakuwira Amalume, mkulu wowotcherera zitsulo wa khomo loyandikana nalo, kuti abwere adzamve. Kenako anapukuta manja pansanza.

"Ndiye tiyamba liti?"

Kamvuluvulu anayang'ana nsapato zake.

"Ali ndi wowerenga msewu wawo, Achemwali. Munthu woti anayendapo mipikisano yakunja. Ndinayesetsa kuwauza za inu. Akuti malo ndi a woyendetsa yekha."

Pa mpikisano wa rali, magalimoto amanyamuka imodziimodzi m'misewu ya fumbi, yokhotakhota, ndipo woyendetsa saona zimene zili kuseri kwa kona. Amene amakhala pambali pake ndi kope m'manja ndiye maso ake. Amamuuza kokhotera, pamene pali dzenje, pamene pali mlatho, galimoto ili pa liwiro loti mitengo imangooneka ngati mpanda. Achemwali anagwira ntchito imeneyi zaka zisanu ndi zinayi, phewa lawo likugundana ndi la mlongo wawo.

"Zili bwino," anatero. "Ndi zimene tinkafuna."

"Palinso china. Mpikisano woyamba ndi womwe uja timakonzekerawu, wa kumapiri. Ndimati mundibwereke makope anu, mkulu uja akaonemo."

Achemwali anatola sipanala ija. Anagonanso pakatoni, nalowa pansi pa galimoto. Anamanga bawuti yomwe anali atamanga kale, mpaka anamva nsapato zija zikutuluka.

Awiriwa anayambira pa gokati, kagalimoto kampikisano kopanda denga, kamene munthu amakhala ngati wakhala pansi. Bambo awo, amene anali makanika m'galaja momwemo, anagula kakale kofa injini n'kukadzutsa. Loweruka lililonse ankakakweza pa lole, ana awiri kumbuyo, ulendo wa kubwalo la magokati kunja kwa tauni. Ankasinthana, wina m'mawa wina masana. Koma atafika msinkhu wolowa mipikisano yeniyeni, kagalimoto kanali kamodzi ndipo dzina lolembetsa linafunika limodzi. Achemwali, poti anali aakulu, anavula chisoti n'kumuveka mlongo wawo, iwo n'kutenga wotchi ndi kope. Kuchoka pa gokati anapita pa galimoto yakale ya rali, imene anaimanga okha bambo awo atamwalira. Dzina loti Kamvuluvulu anamupatsa ndi Achemwali omwewo, chifukwa ali mwana ankazungulira pakona iliyonse ngati kamphepo ka fumbi.

Sabata yotsatira m'galaja munali zii. Ntchito inalipo, ya mabuleki a anthu ndi ma injini otentha, koma panalibe woti n'kumukalipira kuti wasiya sipanala pansi. Masana Achemwali ankathira tiyi m'makapu awiri mwachizolowezi, kenako n'kubweza wina m'fulasiki. Ankakadyera buledi wawo m'galimoto ya mpikisano, pampando wawo, chitseko chili chotsegula. Foni inkalira kawirikawiri, koma anali makasitomala. Kamvuluvulu anatumiza chithunzi chimodzi chokha, ataima pambali pa galimoto yatsopano yofiira, atavala ovolosi ya timu. Sanatchulenso za makope.

Amalume anasuzumira tsiku lina, magalasi owotcherera ali pachipumi.

"Iwe mwana, ukudikira kondakitala? Basi imeneyo sinyamuka lero."

"Ndikupuma, Amalume."

"Kupuma kwake kumeneko? Nkhope ngati batire yakutha. Mwana uja walakwa chiyani, poti unamukankha wekha kuti akafike kumeneko?"

"Sanalakwe."

"Nanga makopewo ukufuna uwakazinge?"

Achemwali anaseka pang'ono. Makopewo anali m'kabati yachitsulo kuseri kwa matayala, khumi ndi anayi, ena otupa ndi mvula, ena othimbirira ndi thukuta. Msewu uliwonse umene anayendapo unali mmenemo. Anali atauyenda pang'onopang'ono mpikisano usanachitike, kuima, kubwerera, kulemba, kufufuta. Amalume atachoka anatulutsa kope la kumapiri nalitsegula pamiyendo. Anawerenga tsamba loyamba chamumtima, ndipo thupi lawo linkapendekeka lokha pakona iliyonse. Atafika pamapeto anakweza mutu. Kutsogolo kunali khoma la galaja ndi kalendala ya chaka chatha.

Loweruka anatseka msanga napita kubwalo la magokati. Sankadziwa chimene akukafuna. Matayala akale otchinga m'mphepete anali omwe aja, atangowapaka penti ina. Ana ovala zisoti zazikulu kuposa mitu yawo ankazungulira, makolo ali pampanda ndi mafoni m'manja. Mayi wina ankakuwira mwana wake wamkazi kuti asaope, aponde. Panalibe aliyense amene anawazindikira Achemwali. Mlonda wa pageti anawafunsa kuti mwana wawo ndi uti, iwo n'kunena kuti wawo anakula. Anaima pampanda mpaka mpikisano wa ana unatha, nabwerera kwawo.

Lachiwiri kunabwera mlendo. Anali bambo wamtali, wa imvi m'ndevu, atavala malaya a timu ija. Anaima pakhomo osalowa, chipewa chili m'manja.

"Odi. Ndikufuna Achemwali a Kamvuluvulu."

"Ndine. Galimoto yavuta chiyani?"

"Galimoto ili bwino, mayi. Wavuta ndine. Ndine amene ndakhala pampando wanu."

Achemwali anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ankayembekezera munthu wodzikweza, woti akhoza kudana naye mosavuta. Uyu anali wotopa chabe. Anamukokera chigubu cha oyilo kuti akhalepo.

"Wakutumani?"

"Sakudziwa n'komwe kuti ndili kuno. Tayeserera katatu. Mwana uja ndi woyendetsa weniweni, ndayenda ndi ambiri koma manja ngati amenewo ndi osowa. Koma sakundimva. Ndikati kumanzere, amayamba waona ndi maso ake kaye, kenako n'kukhota mochedwa. Dzulo tinatsala pang'ono kulowa m'ngalande. Titaima, akadagwirabe chiwongolero, anati, 'Achemwali sanena choncho.'"

Achemwali anatembenuka, nayamba kusanja masipanala amene anali osanja kale.

"Akuluakulu a timu ayamba kunong'onezana," bamboyo anapitiriza. "Mukudziwa mmene zimakhalira. Pali anyamata ambiri ochokera ku magokati amene akudikira mpando umenewo. Akalephera mipikisano iwiri, amubweza. Ine ndiye adzangondipatsa woyendetsa wina. Amene ataye zonse ndi iyeyo."

"Akabwezedwa abwerera kuno," anatero Achemwali, osatembenuka. "Galimoto yathu ilipo."

"Ilipo, mayi."

Mawu awo omwewo anawachititsa manyazi. Anawamva mmene anamvekera m'galajamo, ndipo anadziwa kuti sabata yonseyi, pansi pa mtima, ndi zimene ankadikira. Anaima kanthawi atagwira m'mphepete mwa tebulo. Kenako anapita kuseri kwa matayala, natsegula kabati.

Bamboyo analandira kope la kumapiri ndi manja awiri. Analitsegula, nalitembenuza, nalibwezanso.

"Pepani, apa mwajambula nkhuku?"

"Pamenepo pali nyumba pafupi ndi msewu. Pamadutsa ziweto."

"Nanga diso ili?"

"Chikweza choti suona kutsogolo. Diso lotseka ndiye kuti kuseri kwake kuli kona."

"Ndi foloko iyi?"

"Mphambano, bambo. Mwayenda maiko onse aja osaphunzira foloko?"

Bamboyo anaseka mpaka kutsokomola. Achemwali anamulanda kopelo.

"Mukangolitenga chonchi mukamupha mwana wa mayi anga. Galimoto mwabwera nayo? Tiyeni."

Anakhoma galaja dzuwa lili pamutu, Amalume akuwayang'ana kukamwa kuli yasa. Ulendo wa kumapiri unali wa maola awiri. Atafika poyambira msewu wa fumbi, Achemwali anati bamboyo awapatse chiwongolero, iye akhale ndi kope.

"Werengani mmene mumawerengera."

Bamboyo anawerenga bwino, momveka, mwaukatswiri. Achemwali anaimitsa galimoto pakona yachitatu.

"Mukuchedwa. Uyu muzimuuza kona ikadali kutali, azikhala nayo m'mutu. Ndipo musamakweze mawu. Mukakuwa amaganiza kuti mwaona ngozi, amaponda buleki. Pamalo oopsa ndiye muzitsitsa mawu, ngati mukumuuza chinsinsi."

Bamboyo ankalemba m'mphepete mwa tsamba ndi pensulo.

"Akayamba kuluma mlomo wam'munsi, ndiye kuti wachita mantha. Musamufunse, akana. Mungomutchula dzina kamodzi, kenako pitirizani kuwerenga. Akalakwitsa kona musamuuze nthawi yomweyo, amakwiya n'kulakwitsanso yotsatira. Mudzamuuze pomaliza. Ndipo m'mawa wa mpikisano sadya. Mukakamizeni, ngakhale nthochi imodzi."

Anayenda msewu wonse kawiri, kuima ndi kubwerera, mpaka mawu a bamboyo anayamba kugwera pamalo pake. Pamene ankabwerera m'tauni dzuwa linali litapendeka. Pakhomo pa galaja Achemwali analowa natuluka ndi makope onse khumi ndi anayi m'katoni.

"Ndimuuze kuti munandithandiza?" anafunsa bamboyo.

"Akaona nkhukuzo adziwa yekha."

Tsiku la mpikisano Kamvuluvulu anaimba foni m'mamawa. Kumbuyo kwake kunkamveka phokoso la ma injini ndi anthu ambiri.

"Achemwali, ndakusungirani khadi lolowera kutenti ya timu. Mubwere. Ndiponso, za makope zija, ine sindikudziwa kuti ndinene..."

"Wadya?"

"Andikakamiza nthochi."

"Chabwino. Pita, akukuitana."

Kutentiko sanapiteko. Anasiya galimoto pamsewu waukulu, nayenda wapansi makilomita anayi mpaka pachikweza china chimene ankachidziwa bwino, chokhala ndi kona yobisika kuseri kwake. Panali anthu owerengeka, alimi a pafupi ndi mayi wina wogulitsa madzi ozizira. Achemwali anakhala pamwala, kutali ndi onse.

Magalimoto anayamba kudutsa, iliyonse ndi mtambo wake wa fumbi. Yofiira ija anaimva isanaoneke. Anadziwa phazi la mlongo wawo pa injini monga mmene munthu amadziwira kutsokomola kwa m'bale wake m'chipinda china. Anaimirira. Milomo yawo inayamba yokha.

"Mamita handiredi, chikweza, usachepetse liwiro. Kumanzere kwambiri, gwira mkati."

Galimoto inatulukira pamwamba matayala onse ali m'malere, inatera, n'kukhotera kumanzere nthawi yomweyo, mosazengereza, ngati woyendetsayo akuona kudutsa phiri. Anangoona zisoti ziwiri, china chitawerama pakope. Kenako fumbi linawakuta, ndipo phokoso linatsikira kuchigwa mpaka kuzimirira.

"Mumalankhula ndi ndani, mayi?" anafunsa wogulitsa madzi uja.

"Ndi mlongo wanga. Ndi amene wadutsayu."

"Eee! Ndiye wakumvani?"

"Wamva," anatero Achemwali, akupukuta fumbi m'maso.

Magalimoto a matimu akuluakulu atatha, anthu anayamba kubalalika. Wogulitsa madzi anasenza chidebe chake napita. Achemwali anatsala okha pachikwezapo, dzuwa likuwotcha, chifukwa ankadziwa kuti kumbuyo kukubwera ena, aja omanga magalimoto awo okha kuseri kwa nyumba. Anadutsa mmodzimmodzi, motalikirana, opanda wowaombera m'manja. Achemwali ankawaombera.

Galimoto yomaliza inali yakale, yobiriwira, chitseko chimodzi chomanga ndi waya. Inakwera chikweza mokayikira, ndipo pagalasi Achemwali anaona wowerenga msewu akutembenuza masamba uku ndi uku, atasokonezeka. Anathamangira m'mphepete mwa msewu, natambasula dzanja lonse kuloza kumanzere.

"Kumanzere! Kumanzere kwambiri!"

Galimoto inakhota mochedwa, inakhudza udzu, koma inakhala mumsewu. Dzanja linatuluka pawindo n'kukwera m'mwamba, kenako nayonso inalowa m'fumbi.

Achemwali anadikira mpaka fumbi lonse litakhazikika pamasamba. Ndiye anakutumula siketi yawo, nayamba kutsika phiri okha, kulowera kumsewu waukulu.