Chipinda cha Yunike pa Dzina la a Jameson

Banja la Yunike ndi Kalisto Jameson litatha, Kalisto anachoka ku Ligowe monga amachokera mkamwini aliyense: bulangete, wailesi ndi njinga basi. Mitengo ya manachesi imene anabzala ndi manja ake inatsala kwa mkazi, ndipo Yunike sanaonepo cholakwika. Nthaka ndi ya kwawo.

Chimene anaiwala ndi adiresi ya pa intaneti. Mng'ono wa Kalisto, Binwell, wokonza mafoni pa Neno Boma, anagula kalekale dzina la banja lawo, jameson.mw, n'kumagawirako achibale. Yunike anapatsidwa yunike.jameson.mw, ndipo ogula a ku Blantyre ankaoda manachesi kudzera pamenepo. Binwell ankakonda kunena kuti dzinalo ndi nyumba yake, enawo ali ndi zipinda chabe.

Chaka chino manachesi anapsa, koma foni inangoti zii. Yunike anakayikira netiweki, anakayikira foni, kenaka anakayikira Binwell, amene pa maliro ena ku Luwani anamupatsa moni waulemu wopitirira muyezo. Munthu akakulemekeza chotero, dziwa kuti pali chimene wakudyera. Zipatso zinayamba kugwa, ndipo pakanapanda mtsikana wina wofatsa, Deliwe, amene ankabwera pa njinga yamoto kudzapikula motchipa, zonse zikanaolera pansi. Yunike ankamuonjezerako zaulere, mpaka anamubwereka dengu lake losokedwa ndi chingwe chofiira.

Tsiku lina anakwera kabaza wa ku Boma atapsa mtima, ndipo atangolowa m'kashopu ka Binwell anamufunsa chifukwa chimene anamutsekera tsamba. Binwell sanakangane naye. Anamupatsa mpando, natsegula kompyuta, ndipo tsamba lija linali pomwepo, chithunzi ndi nambala ya foni zili bwinobwino.

"Chipinda chanu sindinachikhudze, alamu."

Yunike anatsala pang'ono kupepesa. Koma anakumbukira kuti ogula salemba dzina lalitalilo, amangolowera pa khomo lalikulu, jameson.mw, pamene panalembedwa kuti Manachesi a Mayi Jameson. Anamuuza kuti atsegule pamenepo. Binwell anakanda m'mutu, anati netiweki ikuvuta, koma mlamu wakeyo sanasunthe pampando.

Mawu anali omwewo. Chithunzi chinali cha Deliwe akumwetulira, atanyamula dengu la chingwe chofiira lija. Umu ndi mmene Yunike anadziwira kuti Kalisto anakwatiranso, mkazi wake ndi Deliwe yemweyo, ndipo zinamupweteka kwambiri kuti anamva kwa kompyuta osati kwa munthu.

"Ndiye zipatso zanga mukugulitsa kwa makasitomala anga omwe?"

"Alamu, mitengo ija anabzala ndani?" Binwell anafunsa mofatsa. "Achimwene pochoka munawalola kuzula ngakhale umodzi? Kwanu mitengo imatsala ndi mwini nthaka. Kunonso ogula amatsala ndi mwini dzina."

Yunike ananyamuka n'kutuluka m'kashopumo. Njira yonse yobwerera ankalumbira chamumtima kuti bola adyetse nkhumba manachesiwo kusiyana n'kugulitsanso kwa mkazi ameneyo.

Atafika anapeza njinga yamoto itaima pansi pa mitengo. Deliwe anagwada, nafunsa mwaulemu womwe uja ngati amayi ayenda bwino. Yunike anayang'ana manachesi amene anagwa tsiku limenelo lokha, ntchentche zili ng'waa, anayang'ananso nthambi zolemera zimene sizikanadikira mpaka Loweruka.

"Dengu langa mubweze lero," anatero, n'kupita kuseri kwa nyumba kukatenga makwerero oti amuthyolere manachesi.