Kuwolotsa Bambo Dixon

Nkhani iyi anandiuza ndi ba Moven, wowotcherera zitsulo ku Kalingalinga, tsiku lomwe ndinabisala mvula pashedi pawo. Iwo ndiwo ankakonza zitsulo za padenga pa galimoto ya malemu Dixon Mbewe, ndipo ku maliro analiko.

Linali tsiku lachiwiri la maliro pamene Jameson, mng'ono wa malemu, analowa m'nyumba nsapato zili m'manja, buluku litanyowa mpaka m'mawondo. Mvula ya Febuluwale inali itasandutsa komboni ya Kanyama, komwe kunali maliroko, dambo.

"Alamu," anatero kwa Emelda, mkazi wa malemuyo, amene anali pamphasa pakati pa amayi a mpingo, "wa lole yonyamula thupi uja wakana. Akuti pamsika paja madzi afika m'chiuno. Mawa tikachoka ku mochale tilunjika kumanda. Kuno thupi silibwera."

Emelda anakonza duku lake asanayankhe.

"Munthu wagona m'tchire zaka makumi atatu. Nyumba ino anamanga yekha, koma amabweramo monga mlendo. Manje ulendo womaliza apite osalowa pakhomo pake? Ayi, alamu."

Dixon anali dalaiva wa alendo oona malo, aja okonda kugona m'matenti kutali ndi phula. Ankawatengera ku mchenga wa ku Liuwa, ku madambo a Bangweulu, ku Luangwa kumtunda komwe foni imangokhala tochi. Masabata awiri kapena atatu ali komweko, iye yemweyo woyendetsa, wophika, makaniko. Akuti sanasiyepo galimoto m'thengo ngakhale kamodzi. Ndiye anadzamwalira m'chipatala atadwala masiku anayi okha, Landi Kuluza yake ili phee kuseri kwa nyumba.

"Motoka ya adadi ilipo," anatero Taonga, mwana woyamba wa malemu, amene asanakwatiwe anayendako ndi bambo ake zaka zitatu ngati wophikira alendo. "Ndikawatenga ine."

"Iwe?" Jameson anagwira thumba la malaya lomwe munali makiyi. "Mwambo uudziwa. Vinthu va malemu sitigwira mpaka banja litakhala pansi."

Aliyense m'nyumbamo ankadziwa kuti Jameson anali ataonetsa kale galimotoyo kwa munthu wina wa ku Matero wofuna kuigula, ndipo sankafuna kuti imwe madzi. 

"Alamu," anatero Emelda mofatsa, "tenti mwabisalamo mvula masiku awiri panjapo ni ya ndani? Nanga mpando wopinda uja mwakakamira kuyambira dzulo? Kapena munabwera nawo?"

Amayi a mpingo anabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka. Jameson anayang'ana kudenga kanthawi, kenaka anaika makiyi pamphasa.

"Ikafera m'madzi, dzina langa musatchule."

Kutacha, Taonga anatsitsa mipando yakumbuyo ndi kafiliji ka alendo. Popita ku mochale anazungulira njira yaitali ya mabampu, yoti galimoto yopanda katundu imadumpha ngati mbuzi. Ndi bokosi sakanadutsako. Pobwerera panalibe kuchitira mwina koma pamsika paja.

Atafika, anapeza maminibasi ataima mzere, madzi a matope atatambalala mpaka ku magolosale a kutsidya. Taonga anatsika, napotoza tizitsulo ta pa mateyala akutsogolo kuti onse anayi azikoka. Kenaka anavula nsapato, namasula nsungwi zisanu ndi imodzi zomwe zinali padenga, nalowa m'madzimo ndi chitenje chake cha maliro.

"Ba sisi, nsomba mulibe umo!" anakuwa kondakitala wina.

"Iyo ni motoka, si bwato!" anatero mnzake. Koma ataona bokosi kudzera pagalasi, onse anavula zipewa.

Taonga ankayenda pang'onopang'ono, phazi likufufuza pansi lisanaponde. Madzi anafika m'mawondo, kenaka m'ntchafu. Pakatikati anatsetsereka, namira mpaka m'chifuwa. Inali ngalande yosavundikira, yobisika bwinobwino, pomwe aliyense akanaona ngati ndi pakati pa msewu. Anatulukamo akulavula, nazika nsungwi pamphepete pake. Zinazo anazika uku ndi uku mpaka kutsidya, njira yokhota ngati chikwakwa.

Atabwerera, Jameson, amene anapita naye limodzi ku mochale, anamupatsa jekete lake.

"Mwana iwe, ufuna tiike anthu awiri? Sukanangoyang'ana chabe?"

"Adadi sankawolotsa mlendo pamadzi omwe sanayendemo okha ndi miyendo," anayankha uku akukwera. "Lero mlendo ni iwo."

Anaika giya yotsika, nalowa. Injini inkalira mawu amodzi, osakwera, osatsika. Madzi anaunjikana kutsogolo kwa boneti n'kumayenda nawo limodzi. Jameson anagwira bokosi ndi manja onse awiri, milomo ikupemphera. Teyala lakumanzere linadutsa pafupi ndi nsungwi ya pangalande moti inagwedera. Atakwera pouma, msika wonse unaomba m'manja, kenaka anthu anakumbuka kuti ndi maliro, nasiya mwamanyazi.

Dixon analowa m'nyumba mwake. Anakhala pabalaza maola awiri, Emelda dzanja lili pabokosi, akumuuza zinthu motsitsa mawu zomwe ngakhale ba Moven sanamve.

Popita kumanda anawolokanso pomwe paja, motsata nsungwi. Atafika kutsidya Jameson anatsika msanga, napinda buluku kuti akazule.

"Zisiyeni, adadi aang'ono," anatero Taonga ali pawindo. "Iwo sankazula. Ankati kumbuyo kukubwera wina."

Jameson anaima m'madzi, dzanja lili pa nsungwi yomwe inali itapendekeka. Anaiwongola, naikanikiza pansi ndi mphamvu zake zonse, nabwerera kugalimoto.

Ba Moven akuti maminibasi anatsata nsungwi zimenezo sabata yathunthu mpaka madzi ataphwa, ndipo palibe anazigwira. Zina zonsezo ndikuzikhulupirira, chifukwa Taonga ndinakamuona ndi maso anga, ndipo ndi munthu woti angachitedi. Koma za sabata yathunthuzo ndikukayika. Kanyama ndagonako, ndipo sindinaone nsungwi yabwino ikufika madzulo ilibe mwini.