Mpendero wa a Zitheka

M'kachipinda kosokera kaja, koyandikana ndi kwa wometa, munali makina awiri oyang'anana, ndipo pamakinawo pankakhala munthu ndi mlongo wake. Mayina awo enieni anthu anali atawaiwala kalekale. Wamkulu, mayi wowerama msana, ankatchedwa a Sindifika, chifukwa nkhani iliyonse ya kutsogolo ankaitseka ndi mawu amodzimodzi: chaka chamawa ine sindifika. Wamng'ono, bambo wamtali wokonda kuimba mluzu, anali a Zitheka. Ngakhale munthu abwere ndi kansalu kosakwana n'malaya a khanda omwe, iwo ankangokatembenuza uku ndi uku n'kunena kuti zitheka.

Kasokedwe kawonso kanali kosiyana. A Zitheka akamasoka yunifomu ya mwana wa sukulu ankasiya mpendero waukulu wopindira m'kati, ati mwana ndi chimanga, ukagona ukadzuka upeza watalika. A Sindifika ankadula ndendende pamene pafika tepi. Kwa iwo nsalu yobisa m'kati inali nsalu yotayika, ndipo ankafunsa kuti ndani walonjeza kuti mwanayo adzaifika. Palibe kholo limene limakonda kumva funso lotere, choncho ana onse ankapita kwa a Zitheka, ndipo kwa a Sindifika kunkabwera zigamba, mazipi ndi makatani.

Pansi pa bedi lawo a Sindifika ankasunga sutikesi, ndipo m'menemo munali diresi loyera limene anadzisokera kuti adzawaveke akadzamwalira. Analisoka chaka chimene anamwalira amuna awo. Chisokereni anali atalikulitsa kawiri, chifukwa imfa inkachedwa pamene thupi linkanenepa. Wometa nkhaniyi ankaidziwa, ndipo akasowa kasitomala ankasuzumira pakhomo n'kufunsa ngati njenjete zasiyako kolala yokha. A Sindifika ankamuyankha kuti aseke lero, mano akadalipo.

Koma mantha awowo ankawayendetsa. Mutu ukangoti waa, anali kale pamzere kuchipatala. Mapiritsi a kuthamanga kwa magazi sankawaphonya, mchere anausiya, tiyi ankamwa wopanda shuga nkhope ili tsinya. Anakalamba msanga, moti alendo ankayesa kuti ndi mayi awo a a Zitheka, chonsecho anali opondana. A Zitheka nawo adokotala anawauzapo kale kuti ali ndi matenda a shuga. Anamwa mankhwala mpaka kabotolo koyamba katha, anamva bwino m'thupi, basi osabwererakonso. M'kapu mwawo supuni inkachita kuima, ndipo ankati shuga wa m'thupi akaona mnzake amaleka kuvuta.

Chimene chinayamba kuwaululira a Sindifika chinali phokoso. Makina opalasa ndi mapazi ali ndi kayankhulidwe kake, ndipo munthu amene wakhala nawo moyang'anana kwa zaka zambiri amawamva ngati kupuma kwa mnzake wogona naye chipinda chimodzi. Tsiku lina m'mawa anamva kuti makina a mlongo wawo akutsimphina. Anagwetsa dala choko pansi, ndipo powerama kuti atole anaona phazi limodzi lokha pachopondera. Linalo linali pambali, pamulu wa tizidutswa, litakulungidwa ndi kansalu kotsala pa yunifomu.

A Zitheka anati ndi kaphini chabe. Anakaponda osamva n'komwe, anangokapeza madzulo povula nsapato katalowa m'chala chachikulu. Ankafotokoza ngati nkhani yonyaditsa, kuti thupi lawo n'lolimba moti ngakhale phini sakumveka. A Sindifika anali atakhalitsa pamabenchi a kuchipatala, ndipo kumeneko anamva zambiri za mapazi osamva kuwawa. Anati atseke pompo apite kuchipatala.

A Zitheka anaseka, wometa kuseri kwa khoma anasekanso. Mawu ali ngati singano, ukasokera nthawi yaitali amabuntha. A Sindifika anali atalosera maliro pa chimfine, pa dzino, ngakhale pa kachiphuphu kamene kanatuluka pakhosi pa wometa yemweyo. Tsopano pamene anali ndi chinthu chenicheni choti anene, anapeza kuti mawu onse oopsa anawamaliza kale pa zinthu zopanda pake.

Kenaka m'chipindamo munayamba fungo. Poyamba a Sindifika anati ndi khoswe wafera kuseri kwa matumba, ndipo anasuntha matumba onse, ngakhale mumtima ankadziwa kuti khoswe mulibemo. Pali zinthu zina zimene munthu umachita manyazi kuuza m'bale wako. Makasitomala anayamba kuimira pakhomo, ena kuyezedwa mpweya atagwira. A Zitheka anatsegula windo, mluzu n'kuukweza. Anati sukulu zatsala pang'ono kutsegulidwa, ana a eni ake sangapite m'kalasi osavala, akangomaliza mayunifomu apita okha popanda wowakoka.

A Sindifika anaganiza zowalanda ntchitoyo. Analawirira m'mawa, anachotsa lamba wozunguza gudumu la makina a mlongo wawo n'kumubisa pansi pa makatani. A Zitheka atafika anayang'ana makina, anayang'ana achemwali awo. Anatola tizidutswa, anatipota mwakachetechete mpaka tinasanduka chingwe, anachikoleka pagudumu. Makina anayambanso kutsimphina. Wometa atamva anachita kuitana anthu odutsa kuti adzaone luso.

Apo m'pamene a Sindifika anachita chinthu chimene sanachitepo. Anatseka chitseko, anagwada pasimenti ndi maondo awo owawawo, anagwira mwendo wa tebulo.

"Achimwene, zonse ndakhala ndikunena zija anali mantha chabe, ndikuvomera. Koma ichi ndachiona ndi maso. Chala chada, ndipo kudako kukukwera."

"Achemwali, inu munandiika m'manda ndili ndi chikuku. Munandiikanso nditagwa panjinga. Si ine ndili panoyu? Dzukani, mudetsa diresi."

Anawadzutsa ndi manja awo, mwaulemu, ndipo manjawo anali otentha ngati simbi.

Mayunifomu sanathe. Masana ena makina anangoti zii pakati pa msoko, ndipo a Zitheka anatsamira mutu pansalu ngati mwana wogona m'kalasi. Wometa ndi amene anawabereka mpaka pamsewu, nthabwala zonse zitamuthera. Kuchipatala anadula mwendo m'munsi mwa bondo. Adokotala anati akanabwera chikadali chala, chikanapita chala chokha. A Sindifika anapempha kuti mawu amenewo asawabwereze pamaso pa wodwala.

Anawatengera kunyumba kwawo, popeza akazi a a Zitheka anamwalira kale ndipo ana anali kutali. Chilonda chinkapola bwino. Namwino amene ankabwera kudzatsuka ananena kuti anthu achikulire kuposa iwo amaikidwa mwendo wopanga n'kuyendanso, ena mpaka kupalasa njinga. Chofunika n'kudya, kumwa mankhwala, kulimbitsa thupi ndi ndodo, ndiye chilonda chikauma apite akawayeze. Zonsezi ankanena mokweza kuti wodwala amve, koma wodwalayo anali atayang'ana kukhoma.

Zinali ngati mluzu uja unkakhala m'mwendo umene anadulawo. Munthu amene ankaoneka ngati mwana wa a Sindifika anakalamba iwo akuona. Masaya analowa, imvi zinabuka mutu wonse, mawu anachepa ngati a munthu woyankhulira m'chidebe. Ndodo zoyendera zinaima pakona pamene anaziimika tsiku loyamba, mpaka kangaude anamangapo. Tsiku lina a Sindifika akuwapukuta kumsana, a Zitheka anayankhula osatembenuka.

"Munkanena, achemwali."

Moyo wawo wonse a Sindifika ankadikira kuti wina adzawauze mawu amenewa. Atawamva anatuluka panja n'kukaima kuseri kwa nyumba, nsalu yonyowa ikadali m'manja.

Anaona kuti m'nyumbamo mukufunika munthu mmodzi wokhulupirira za mawa, ndipo amene anatsala anali iwo. Koma ntchito imeneyi sankaidziwa. Popita kukagula mankhwala ankayeserera m'njira, milomo ikugwedera yokha, kuti akanene kuti mwendo wopanga ndi wabwino, kuti makina akudikira, kuti makolo akufunsa. Akafika pabedi mawuwo ankatuluka owuma, ngati mwana akulakatula zimene waloweza osazimvetsa. Tsiku lina anafika mpaka ponena kuti zitheka. Liwulo linawakhala m'kamwa ngati nsapato yobwereka.

"Musandisokere bodza, achemwali. Msoko wake ukuoneka," anatero a Zitheka.

Wometa ankabwera kudzawameta ndevu, atasunga nthabwala za sabata yonse. Ankaziyamba bwinobwino, koma zinkafera m'njira, ndipo ankamaliza kumeta mwakachetechete.

Chilonda chitauma, namwino anatchula tsiku lokayeza mwendo. Panafunika buluku loti avale. A Sindifika anatulutsa lotuwa lija, limene mwini wake anadzisokera ndipo ankalivala pa zochitika zokha. Analiyala pabedi, mwendo umodzi uli lende. A Zitheka analiyang'ana kanthawi, kenaka anati alidule pabondo. Anati adule pamene pafika tepi, monga mwa nthawi zonse, achemwaliwo ndi amene ankadziwa kusoka.

A Sindifika anapita nalo kuchipinda chosokera. Makina a mlongo wawo anali pomwepo, chingwe cha tizidutswa chikadali pagudumu. Anayala buluku patebulo, anayeza, analemba mzere ndi choko, anatenga sizasi. Sizasiyo inatsegula kukamwa pamzere n'kukhala choncho. Kwa zaka zonsezi dzanja lawo linali lisanazengerezepo pansalu. Anaiika pansi. Anapindira mwendo wonsewo m'kati, bwinobwino, mpaka pabondo, n'kuugwiriza ndi ulusi pamanja, misoko italiitali yosalimba, yoti tsiku lobwera mwendo wopanga munthu adzangokoka kamodzi. Pobwerera kunyumba ankayenda mofulumira, ndipo anadabwa kuona kuti mtima ukugunda ngati wa munthu amene wanyamula mphatso.

A Zitheka analandira bulukulo, anapapasa pabondo, anamva kukhuthala kwa nsalu yopindidwa. Zala zawo zinaima pamenepo. Anali telala, sakanalephera kudziwa. A Sindifika anadikira ataimirira, manja ali kumbuyo.

"Nsalu yotayika," anatero a Zitheka, n'kutembenukira kukhoma.

Tsiku lokayeza linafika n'kudutsa. Namwino anatchula lina, nalonso linadutsa. Chakudya chinkabwerera m'mbale momwe chapitira, ndipo a Sindifika ankapeza mapiritsi pansi pa pilo posintha nsalu. A Zitheka sankakana mwaukali, ankangoti amwa nthawi ina. Nyengo yozizira itafika chifuwa chinawagwira, ndipo thupi limene silidya sililimbana ndi kanthu. Adokotala anati ndi chibayo, chimene anthu ambiri amachira. A Zitheka anamwalira m'mawa wina, achemwali awo ali panja kuwatenthetsera madzi osamba.

Amuna okonza thupi atapempha zovala, a Sindifika anatenga buluku lotuwa lija. Anapeza nsonga ya ulusi n'kukoka. Unasomoka wonse kamodzi, monga momwe anaukonzera, ndipo mwendo unagwa mpaka pansi, wathunthu. Pabondo panatsala mzere wa mpindo. Anausita, anawaza madzi, anausitanso, koma mzerewo unakana. Wometa anaima pakhomo, chipewa chili m'manja, n'kufunsa monong'ona ngati sangaikemo kanthu kuti mwendowo usaoneke wophwa. A Sindifika anamutuma kuchipinda chosokera kuti akatenge thumba la tizidutswa ta mayunifomu.

Mpaka maliro kutha palibe amene anawamva akunena kuti ankanena. Anthu ena anadikira mawuwo, koma sanabwere.

Atatsegulanso chipinda chosokera, makina enawo anawafunditsa katani. M'mawa uliwonse ankamwa mapiritsi awo ndi tiyi wowawa, chifukwa dzanja linazolowera. Wometa anasiya kusuzumira. Diresi loyera lija linakhalabe m'sutikesi, ndipo panalibenso munthu wolifunsa.

Tsiku lina kunabwera mayi ndi kamtsikana kake, yunifomu ili m'manja. Anapepesa za maliro, kenaka anati diresili anasoka malemu, koma mwanayu wangotalika mwadzidzidzi, maondo ali pamtunda, aphunzitsi ayamba kudandaula. Anafunsa ngati pali chimene chingachitike. A Sindifika anatembenuza diresilo kunsi n'kuyamba kusomola ulusi. Mpendero unatambasuka. Nsalu ya m'katimo inali yatsopano, mtundu wake wowala, pamene diresi lonse linali litasuluka ndi dzuwa ndi sopo. Anamuimika mwanayo, anayeza. Inakwana, ndipo inatsalako.

Mayiyo anasangalala. Anati yotsalayo aisiye m'kati momwemo, chaka chamawa adzabweranso kuti adzatsitsenso.

A Sindifika anatsegula pakamwa. Mawu awo aja anali pomwepo, pansonga ya lilime, pamene ankakhala nthawi zonse. Anayang'ana makina ofunditsidwa katani, amene mwini wake akanaseka. Anatseka pakamwa, anayesa katatu ulusi usanalowe pasingano, n'kuuza mwanayo kuti aime chilili, asagwedezeke.